Che Twaibu, Maluwa Awo ndi Mbuzi ya Aneba

Dzulo tinadya mpunga wa arobaini ya Che Twaibu, ndiye kuti patha masiku makumi anayi chiwaikire m'manda. Anthu anachuluka moti mikeka inaperewera, ena n'kudzakhala pansi pa mtengo wa mango wa kwathu. Shehe anakamba za munthu wosajomba kumzikiti. Ana awo anakamba za bambo amene anawaphunzitsa sukulu onse asanu. Zonsezo n'zoona. Koma ine ndakhala nawo moyandikana zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, pakati pathu pali mpanda wa bango wokha, ndipo ndinkangodikira kuti wina atchuleko za maluwa. Palibe amene anatchula. Ndiye ndati ndilembe ndine.

Ndinabwera kuno ku Mangochi nditatumizidwa kudzaphunzitsa kupulayimale. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lake lija loti mchenga umaotcha ngakhale utavala patapata. Loweruka loyamba, kutangocha, ndinamva madzi akutsanulidwa kuseri kwa mpanda. Nditasuzumira ndinaona bambo wamfupi, wochepa thupi, kofiya kumutu, thalauza atapinda mpaka m'mawondo. Anagwada, n'kulowetsa chala m'dothi, n'kuchitulutsa, n'kuchinunkhiza.

"Ajimwiche uli, aphunzitsi?" anandipatsa moni m'Chiyao osatembenuka n'komwe. Kenaka anasinthira ku Chichewa. "Inu ophunzira inu, tandiuzeni. Tomato amang'alukiranji akayamba kupsa?"

Ndinati sindikudziwa. Nkhope yawo inawala ngati ndawapatsa mphatso.

"Nanenso sindikudziwa," anatero. "Koma ndikuwakayikira madziwa."

Che Twaibu anali mesenjala kuchipata cha Chiponde, kumalire ndi Mozambique. Sabata yonse ankakhala komweko kumtunda. Lachisanu akaswali kumzikiti ankakwera matola n'kutsetsereka phiri, Lolemba mbandakucha n'kubwerera. Choncho munda wawo unali wa Loweruka ndi Lamlungu. Kuseri kwa nyumba kunali mabedi a ndiwo: mpiru, chayinizi, tomato, anyezi, therere, mabilinganya ndi tsabola. Kumaso kunali mabedi atatu a maluwa otchingidwa ndi zidutswa za njerwa.

Loweruka linali la ntchito zolemetsa. Ankayamba kuthirira dzuwa lisanatuluke, chifukwa ankati madzi othira masana amaphika mizu. Akatha apo ankazula udzu ndi manja, n'kutembenuza tsamba lililonse la mpiru kufunafuna nsabwe. Akazipeza ankasinja masamba a nimu, kuwaviika m'ndowa, n'kumawaza ndi katsache. Dzuwa likafika paliwombo ankakhala pakhonde n'kumangoyang'ana mabediwo, ngati munthu amene akudikira kuti mnzake amalize kulankhula. Lamlungu ankakankha wilibala kupita ku Shire kukavuula namasupuni, zomera zoyandama zija zimene asodzi amazitukwana chifukwa zimakola maukonde. Iwo ankaziyanika n'kumaphimbira nazo mabedi kuti chinyontho chisathawe. Asodzi ankawaseka. Iwo ankati chimene chikusautsa mnzako, uyambe wachifunsa ngati chilibe ntchito ina.

Si zonse zimene ankayesa zinkayenda. Chaka china anakwirira usipa wowola pansi pa mabilinganya kuti aone ngati ungapose manyowa a ng'ombe. Agalu a mudzi wonse anasonkhana, bedi lonse n'kulifukula. Lachisanu lotsatira anaima pamenepo nthawi yaitali, manja kumbuyo, kenaka anandiitana.

"Aphunzitsi, ndinakwirira pafupi. Mukuganiza kuti galu amanunkhiza mpaka pati?"

Anayesanso, ulendo uno dzenje lofika m'chigongono. Mabilinganya ake tinadya ndife, aakulu ngati mutu wa mwana.

Maluwa ankabwera nawo kuchokera kumtunda. Nthawi zambiri akamatsika matola ankakhala atanyamula kanthambi kokulungidwa m'chiguduli chonyowa, kopempha kwa mlonda wa nyumba ina kapena kwa mzimayi wogulitsa nthochi. Mayina ake enieni sankawadziwa, ndipo sankavutika nawo. Ankawatchula malo amene anawatenga. Achikasu onunkha aja anali Mandimba. Oyera, otseguka madzulo, anali Namwera. Ofiirira okwera pampanda, amene mphwawo wogwira ntchito kuhotela anawabweretsera, anali Makokola. Ambiri ankafa, poti kumtunda n'kozizira pomwe kuno ndi ng'anjo. Likafa ankalizula n'kuyang'anitsitsa mizu yake kuti adziwe chimene chalipha, kaya ndi chiswe, kaya ndi dzuwa, kaya ndi akazi awo.

Akazi awo, Abiti Mussa, ndiwo ankathirira m'kati mwa sabata, ndipo apa ndi pamene panagona mkangano wa zaka zonse. M'chilimwe mpopi umatha masiku uli gwa, madzi n'kukhala a kumjigo, a pamzere. Abiti Mussa ankayamba ndi ndiwo. Maluwa ankalandira madzi otsukira mbale, akakhalapo. Lachisanu madzulo, atamva kuti matola aima kumsewu, ankathamanga ndi ndowa n'kuwaza pamwamba kuti pade. Koma chala cha Che Twaibu sichinkanamizika.

"Pamwamba pali Lachisanu," ankatero chala chili m'dothi, "koma pansipa pali Lachiwiri."

"Nanga munadyapo maluwa inu?" Abiti Mussa ankayankha ali kukhitchini. "Mawa ndikuphikireni Mandimba wanuyo, ndithiremo nsinjiro?"

Che Twaibu ankati maso nawonso amamva njala, kungoti sadziwa kulira ngati mimba. Mayiwo ankati maso akewo akatunge okha madzi kumjigo. Ndinkamva zonsezi kupyola mumpanda, ndipo sindikumbuka tsiku limene wina anagonja.

Chimene aliyense ankachidziwa n'chakuti maluwa a Che Twaibu sathyoledwa. Kuyang'ana kunali kwaulere, kununkhiza ankachita kukuitanira, koma dzanja ayi. Mwana wawo womaliza, Mariamu, akukwatiwa, anzake anapempha maluwa okongoletsera pamene mkwatibwi akakhale. Anakana. Mariamu analira, mayi ake anakalipa sabata yathunthu, koma pa ukwatiwo panali maluwa apulasitiki ogula kumsika, pomwe mabedi a bambo ake anali psuu kuseri kwa alendo. Ineyo ndinawaona ngati munthu wouma mtima, ndipo ndinawauza. Anangoti duwa likathyoledwa silikhalanso ndi mawa.

N'chifukwa chake zimene anachita tsiku la maliro a Mayi Kamwendo zinatidabwitsa tonse. Koma kuti zimveke ndiyambe ndafotokoza za mbuzi, nkhani imene inachitika zaka ziwiri malirowo asanagwe.

A Kamwendo ndi aneba a Che Twaibu a mbali inayo. Kwawo ndi ku Malindi, ndi a mpingo wathu wa Anglican, ndipo anagwira ntchito m'sitima ku Monkey Bay mpaka kupuma. Ndi munthu wa mawu aakulu, wozolowera kulankhula mopikisana ndi injini. Atapuma anayamba kuweta mbuzi.

Pakati pa bedi la maluwa la Che Twaibu panali kamtengo ka rozi. Kanthambi kake anapatsidwa ndi khukhi wina wa kuesiteti ya fodya ku Namwera, ndipo ndi duwa lokhalo limene ankalitchula dzina lake lenileni. Kanagwira, kanakula, koma kwa zaka zisanu ndi chimodzi sikanatulutse duwa ngakhale limodzi. Kankangotalika, nthambi zowonda ngati zikoti. Anakamangira timitengo ta nsungwi, anakaikira kadenga ka udzu, anakasinthira manyowa kangapo. Kudulako ngakhale kansonga sankalola. Ankati kavutika kale ndi ulendo.

Lamlungu lina a Kamwendo ali kutchalitchi, Che Twaibu ali ku Shire, Abiti Mussa ali kumjigo, mbuzi yaikazi yamawanga inaboola mpanda. Mpiru sinaukhudze. Inalunjika pa rozi, n'kudya masamba, nsonga, minga ndi zonse, kungosiya tizitsa titatu totalika ngati chikhatho.

Ine ndikubwera kutchalitchi limodzi ndi banja la a Kamwendo, tinapeza Che Twaibu ataima pabwalo pa a Kamwendowo, mbuzi ataigwira nyanga.

"Aneba, mbuzi yanu yandiphera rozi."

A Kamwendo akanangopepesa, nkhani ikanathera pomwepo. Koma anaseka.

"Rozi? Ine ndimayesa yadya chimanga. Chitsamba chaminga chija chosabereka? Mwamuna wamkulu ngati inu, wa zidzukulu, kulirira maluwa?"

Che Twaibu anaisiya mbuzi ija pang'onopang'ono, n'kupukuta manja pathalauza.

"Zikomo," anatero, n'kutembenuka.

Anali mawu omaliza pakati pawo kwa zaka ziwiri. Akakumana panjira, wina ankayang'ana kunyanja, wina kuphiri. Akazi awo okha ndiwo anapitiriza kupatsana mchere ndi moto pampanda, ngati sakudziwa kanthu.

Patatha mwezi ndi theka chidyere mbuzi, Loweruka m'mawa, ndinamva kunong'ona kumpanda.

"Aphunzitsi! Tazungulirani kuno. Musachite phokoso."

Tizitsa tija tinali titaphukira nthambi zonenepa, zofiirira, ndipo kunsonga kwa imodzi kunali duwa. Linali lofiira moderako, fungo lake lomveka usanawerame. Awiri ena anali asanatseguke. Che Twaibu anali atakhoma kale mphasa yakale mbali ya a Kamwendo kuti asaone.

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndikukanyengerera," anatero. "Mbuzi yabwera kamodzi. Tsono tandiuzeni, ndi kudulako kapena ndi malovu ake?"

Ndinaseka, koma iwo sankaseka. Funsolo linawasautsa chaka chonse. Kubwereka mbuzi sakanatha, poti mwini wake sankalankhulana naye. Ndiye chilimwe chotsatira anatenga lumo la akazi awo, anatchula dzina la Mulungu, n'kudula nthambi zonse ngati mmene inadulira mbuzi. Kanaphukiranso, maluwa n'kuchuluka kuposa poyamba.

"Malovu alibe ntchito," anandiuza, ndipo ndinaona ngati akhumudwako pang'ono. Kenaka anawonjezera, "Musawauze aneba."

Ndinawafunsa kuti bwanji osangopita kukagwirana chanza, poti mbuziyo inawathandiza. Anati mbuzi anaikhululukira kalekale, koma mbuzi si imene inaseka.

Mayi Kamwendo anamwalira Lachisanu lina kumapeto kwa Okutobala, atadwala miyezi itatu. Mwambo unali woti uchitike Loweruka masana. M'mawa mwake ife amayi a kumpingo tinakhala kuseri kwa nyumba ya siwa kuti tiluke nkhata. Mawaya tinali nawo, masamba a mango tinali nawo, koma maluwa tinalibe. Chaka chimenecho kunauma moti ngakhale pabwalo la tchalitchi panali fumbi lokhalokha. Mayi wina anati titumize munthu akagule apulasitiki. Wina anati tidule mapepala. Za Che Twaibu palibe amene anaziganizira, ngakhale mabedi awo anali kuseri kwa mpanda chabe. Munthu anamana mwana wake wobereka yekha, angapatse mkazi wa mdani wake?

Kenaka tinamva kulira kwa tayala la wilibala. Anatulukira pakona ya nyumba atavala mkanjo woyera, akukankha wilibala yovundikira ndi chiguduli chonyowa. Anaima patali pang'ono, monga mwamuna amachitira pamene pakhala azimayi.

"Aphunzitsi, tabwerani muone ngati angagwire ntchito."

Ndinavundukula. Munali Mandimba, Namwera, Makokola, ndi ena amene mayina awo sindinawagwire. Nditaponya maso kupyola mpanda ndinaona mabedi onse atatu ali mbee, ngati mutu wometedwa. Maluwa a rozi okha anawaika padera, m'kachitini ka madzi.

Azimayi anayamba kuluka. Che Twaibu sanachoke. Ananjuta pomwepo n'kumayang'anitsitsa manja athu.

"Waya ameneyu mumayamba kumupinda, kapena mumayamba masamba?"

Tinawaonetsa. Anapempha waya wawo, n'kuyesa, n'kumasula, n'kuyesanso. Kenaka anandifunsa motsitsa mawu.

"Kwathu sitiika maluwa pamanda. Sindikunyoza, ndikungofuna kudziwa. Womwalirayo amawaona?"

"Ayi, ambuje," ndinayankha. "Ndimaganiza kuti ndi a ife otsalafe. Kuti manja asapite opanda kanthu."

Anagwedeza mutu kangapo. Kenaka anaimirira, anatenga kachitini kaja, n'kuzungulira kumaso kumene kunakhala azibambo. Ndinawatsatira chapatali, ndivomere, chifukwa cha chidwi basi.

A Kamwendo anali pampando pakhonde, maso ali psuu, munthu wamkulu uja atafota ngati mpiru wa masana. Ataona amene akubwera anawongoka.

"Aneba, pepani," anatero Che Twaibu atagwada.

"Zikomo, aneba."

"Mayi aja ankaima pampanda n'kumasuzumira pamwamba pa mphasa. Ankayesa sindikuwaona. Ndinkafuna kuwaitana kuti adzanunkhize pafupi, koma ndinkati mawa." Anaika kachitini kaja pamiyendo ya a Kamwendo. "Awa ndi a mbuzi yanu ija."

"Mbuzi yanga?"

"Yamawanga ija. Chitsamba chija chinali chosabereka, munanena zoona. Chinayamba kubereka itachidya. Ine ndinkachiopa kuchidula. Inandiphunzitsa ndi mbuzi yanu, ndipo ndakhala ndikukubisirani zaka ziwiri."

A Kamwendo anayang'ana maluwa aja nthawi yaitali.

"Mbuzi imeneyo," anatero potsiriza, "tinadya pa Khirisimasi."

"Ndiye inapita osadziwa," anatero Che Twaibu.

Sindikudziwa anayamba ndani, koma pakhonde ponse panabuka kuseka, kuseka kwa pamaliro kuja kobisa m'manja. A Kamwendo anaseka mpaka mapewa kugwedezeka, ndipo osadziwa pamene zinasinthira tinangoona kuti akulira, atagwira dzanja la Che Twaibu ndi manja onse awiri. Masana ake maluwa a rozi aja anawaika okha pamtumbira wa akazi awo.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinamva Abiti Mussa kuseri kwa mpanda.

"Mwana wanu munamumana ngakhale limodzi. Lero mwameta mabedi onse."

"Mariamu tsiku lija anali akuseka kale," anayankha Che Twaibu. "Sankasowa kanthu."

"Analira!"

"Analira Lachitatu. Loweruka ankaseka."

Mayiwo anadzuma, n'kunena kuti mwamuna ameneyu anamupeza ali chomwecho ndipo adzamusiya ali chomwecho. Ngati Mariamu anawakhululukira bambo ake, sindikudziwa. Dzulo pa arobaini sindinamufunse.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse a Kamwendo ankabwera ndi ndowa ya manyowa a mbuzi, n'kukhala pa njerwa n'kumapereka malangizo pa zinthu zimene sankazidziwa. Ankakangana za chilichonse, za mvula, za mpira, za ngati chambo cha masiku ano chikukoma ngati chakale. Lamulo la kusathyola linabwereranso, kupatula pakagwa maliro a Mkhristu m'dera lathu. Pamenepo sitinkachita kupempha.

Che Twaibu atapuma ntchito ku Chiponde tonse tinkayesa kuti azikhalira m'munda tsiku ndi tsiku. Sizinatero. M'kati mwa sabata ankangothirira basi, osapalira, osadula, osawokera kanthu. Ankapita kumzikiti, kumsika, kukacheza kwa atelala. Khasu linkadikira Loweruka. Nditawafunsa anati chomera ukamachigwiragwira tsiku lililonse sudziwa chimene chasintha. Uzichisiya masiku asanu chichite zake, kenaka ubwere udzachifunse.

Anadwala masiku anayi okha. Anamwalira Lachiwiri m'mawa, ndipo dzuwa lisanapendeke anali ataikidwa kale, m'nsalu yoyera, monga mwa Chisilamu. A Kamwendo anatsatira jeneza, chithatha chonyamulira maliro, mpaka kumanda ndi ndodo yawo, n'kuima kumbuyo kwa anthu, chipewa chili m'manja.

Lero m'mawa, alendo onse atabalalika, ndinalowa pabwalo pa Che Twaibu kukabweza mikeka. Mvula sinagwebe. Kumene anthu anakhala dzulo udzu wafa, ndipo njerwa zina za m'mbali mwa mabedi zagubuduzika ndi mapazi. Kuseri, tomato wagwa pa timitengo take, therere lakhwima osathyoledwa, mpiru wachita maluwa. Kheni yothirira ili pa msomali wake, m'kati mwake kangaude wamanga. Kumaso namasupuni wa pamabedi wauma n'kuuluka ndi mphepo, dothi lang'ambika. Abiti Mussa ali pa eda, miyezi imene mkazi wamasiye sayenda kutali ndi nyumba, ndipo madzi amene abale akuwatungira ndi ongokwanira kuphika ndi kusamba.

Ndikutuluka, Abiti Mussa anandiitana kuchokera pakhonde.

"Aphunzitsi, inu ophunzira, tabwerani mudzandionere izi."

Ananditengera kuseri kwa bafa, pamthunzi, pamene sindinafikepo chikhalire. Panali timapepala ta shuga khumi ndi tiwiri todzaza dothi, tondandalikidwa bwinobwino, dothi lake lonyowa. Anati timapepalato anatipeza patatha sabata chimwalirire amuna awo. Che Twaibu sanauze munthu kuti afesa kanthu, ndipo palibe akudziwa kumene njere zake anazitenga. Tisanu ndi tinayi tamera. Masamba ake ndi opyapyala, a mano m'mbali, kunsi kwake kotuwa. Si ndiwo, si mtengo wa zipatso umene ndikuudziwa, ndipo m'mabedi mwawo mulibe duwa la masamba otero. A Kamwendo akuti ndi mtengo wa ku Mozambique. Mariamu akuti ndi udzu chabe.

"Nanenso sindikuzidziwa," ndinatero.

Abiti Mussa anawerama, n'kutsanulira timadzi ta m'kapu pa kamodzi kamene kanayamba kuweramira pansi.

"Basi tidikire," anatero. "Ndikufuna ndione chimene bambo amenewa anandibisira."